Timbendera Makumi Awiri ndi Titatu Tikadali M'mwamba

Malemu amene tawagoneka patsogolo pathupa, Mayi Leonila Macawile, anabadwa pa 14 Malichi 1958 m'mudzi muno mwa Tinago, pachilumba cha Samar. Anali oyamba kubadwa mwa ana asanu a malemu Bambo Teodulo ndi Mayi Segundina Abrenzosa. Ine amene ndaima pano ndine Crispulo, mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo. Mawuwa ndi anga koma wandilembera ndi mwana wa malemu, choncho mundipirire ndikamadodoma. Kuwerenga si ntchito yanga.

Anayamba sukulu mu 1965, ndipo giredi yachiwiri anaibwereza katatu. Sikuti mutu unali wouma ayi. Nyengo yokolola kokonati ikafika, bambo athu ankawatulutsa m'kalasi kuti akathandize kusenda ndi kuyanika, ndipo pobwerera ankapeza anzawo atapita kutali. Aphunzitsi ankangowaloza mzere wakumbuyo. Anakhala kumeneko, mawondo osakwananso pansi pa desiki, tiana tikuwaseka. Sekondale anamaliza mu 1982 ali ndi zaka 24, ndipo maphunziro a uphunzitsi anamaliza mu 1986. Manyazi a mzere wakumbuyo uja sanawaiwale mpaka tsiku lomwalira.

Pa 20 Disembala 1987 anamanga banja ndi Bambo Anastacio Macawile, msodzi, m'tchalitchi muno. Malemu ankati anawalola chifukwa ndi mwamuna yekhayo m'mudzi muno amene sankawadula mawu. Mulungu anawapatsa ana awiri, Marivic ndi Joemar.

Mu Juni 1994, mpingo utavomera, malemu anatsegula sukulu yachikhristu kuseri kwa tchalitchi chino ndi ana asanu ndi awiri. Alendo mwina simukuidziwa. Ilibe makalasi. Kuyambira mwana wa mkaka mpaka womaliza sekondale, onse amakhala m'chipinda chimodzi, aliyense pa desiki yake yotchinga uku ndi uku, atayang'ana kukhoma. Akatha kupemphera m'mawa, mwana amatenga timabuku take n'kudziikira yekha masamba oti amalize tsiku limenelo. Wachangu amathamanga, wochedwa amayenda pang'onopang'ono, ndipo palibe amadziwa kuti mnzake ali pati. Lamulo linali louma: osatembenuka, osadzuka, osaitana. Zikakuvuta umaimika kambendera pamwamba pa desiki n'kudikira. Wotsitsa kambenderako ndi mphunzitsi yekha, akakuthandiza. Zaka 31 zonsezi, malemu sanatsekepo chitseko kambendera kali m'mwamba.

Ambiri tinawaseka, ine patsogolo. Ndinawauza kuti, "Achemwali, ana a eni mwawaika m'makola ngati atambala andewu." Iwo anangoti, "Iwe Crispulo, khola lina ndakusungira. Ubwere udzamalize giredi 4 unaithawa ija." Mawa lake ananditumizira kambendera kanga, kosokedwa ndi manja awo. Ndinakaponya m'bokosi la masipanala la njinga yanga yamoto yonyamulira anthu, ndipo kusukuluko sindinapondeko.

Mu Novembala 2013 namondwe wamkulu amene anasesa chilumba chino anatenga alamu athu Bambo Anastacio, n'kutenganso denga la sukulu. Patatha sabata imodzi chiikire maliro, tinawaona malemu akutola timabuku m'matope n'kumatiyanika pa thandala la nsomba la amuna awo. Chaka chonse chotsatira ana ankaphunzira m'mabuku onunkha nsomba zouma. Amene amaliza sekondale pasukuluyi alipo 64, ndipo ena ndi oti kwina konse anali atawabweza.

Mmodzi mwa amene anabwezedwa kwina ndi Jonalyn Abayon, wakhala pafupi ndi bokosi uyo. Anabwera mu 2012 ali ndi zaka 12, osatha kulemba ngakhale dzina lake. Lero ali ndi zaka 25. Wayenda pang'onopang'ono zaka khumi ndi zitatu, ndipo watsala ndi timabuku tiwiri tokha kuti amalize sekondale.

Mu 2023 mphunzitsi amene ankawathandiza anapita kukagwira ntchito kumzinda waukulu wa Manila, malemu n'kutsala okha. Chaka chomwecho adokotala anawapeza ndi matenda othamanga magazi ndipo anawauza kuti apume. Tinawachonderera tonse. Yankho lawo linali limodzi: "Ndikapuma, timbendera atsitsa ndani?"

Tsopano ndafika pamene ndimaopa. Lachiwiri pa 9 Seputembala 2025, cha m'ma 9 koloko m'mawa, kunagwa mvula yamphamvu. Malemu anagwa pansi pakati pa chipinda, kumbuyo kwa ana onse, ndipo phokoso la mvula pamalata linabisa kugwa kwawo. Ana anapitiriza kulemba. Wina atakakamira pa samu anaimika kambendera. Wina anaimika kake. Timbendera tinakwera kamodzikamodzi mpaka tonse makumi awiri ndi titatu, ana ali phee, maso kukhoma, akudikira aphunzitsi awo amene anali gone masitepe atatu okha kumbuyo kwawo. Panapita pafupifupi ola. Amene anaswa lamulo ndi Jonalyn. Akuti anadziuza mumtima kuti Amayi sachedwa chonchi, ndipo anatembenuka, koyamba m'zaka khumi ndi zitatu. Anathamanga pamvula kudzandiitana, ine n'kuwatengera kuchipatala cha m'tauni pa njinga yanga. Adokotala anati mtsempha wa m'mutu waphulika, ndipo tikanafulumira mwina zikanatheka.

Mawu amenewo anawafika ana. Kuyambira tsiku limenelo ena sakudya, ena sakulankhula. Jonalyn anadzagwada pakhomo panga akulira kuti, "Amalume, Amayi tawapha ndife." Ndinangolira naye.

Ana inu, mwakhala kutsogolo uku, dzutsani mitu mundimvere. Lachinayi pa 11 Seputembala malemu anatsitsimuka pang'ono, ndipo Marivic anali pambali pawo. Kamwa linali litapindika koma mawu anamveka. Anati, "Ukawauze ana kuti sanalakwe, anachita zimene ndinawaphunzitsa. Lamulo lija ndinaliumitsa ndine. Mwana azitembenukako kuona anzake." Kenaka anafunsa kuti, "Timbendera tija atsitsa?" Marivic anawanamiza kuti inde. Iwo anapukusa mutu, chifukwa ankadziwa kuti wotsitsa panalibe. Anamwalira mawa lake, Lachisanu pa 12 Seputembala, masana, ali ndi zaka 67.

Anamalira anzanga, timbendera tija sitinatsike. Mukatuluka muno musuzumire pawindo la sukulu, mutiona tili chiimire monga anatisiyira ana tsiku lija. Ena anati titiike m'bokosi tipite nawo. Banja lakana. Pansi pa kambendera kalikonse pali buku lotsegula ndi funso la mwana limene silinayankhidwe, ndipo funso sitingalikwirire.

Vuto lathu ndi ili, ndipo ndilinena mosabisa ngakhale pano ndi pamaliro. Sukuluyi singatsegulidwe popanda mphunzitsi wa satifiketi. Ana awa alibe kalasi. Wina masamu ali giredi 7 koma Chingerezi ali giredi 3, ndipo ankadziwa pamene aliyense wafika ndi amene agona apawa. Mukawatumiza kwina akawaika kuti? Akawaloza mzere wakumbuyo womwe uja. Nanga Jonalyn, ndi zaka zake 25, adzamulandira ndani chifukwa cha timabuku tiwiri? Masiku a maliro ano tapempha aphunzitsi anayi ndipo onse atiuza kuti sangathe. Marivic ndi namwino kutali ku Cebu, Joemar amagwira ntchito m'sitima zapanyanja, ndipo ine ndi uja ndinathawa giredi 4. Lolemba likudzali ndidzatsegula chitseko 7 koloko ndi kusesamo, koma kupitirira pamenepo sindingathe kanthu. Tagwira njakata, abale anga, ndipo tilibe kolowera.

Malemu asiya ana awiri, Marivic ndi Joemar, zidzukulu zitatu, ang'ono awo awiri amene atsala, ine mlongo wawo, ndi ana asukulu makumi awiri ndi atatu. Banja likuthokoza abusa ndi mpingo wonse, madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, amayi amene aphika mpunga masiku onsewa osatopa, asodzi amene atipatsa nsomba, anzanga a njinga amene anyamula anthu ulere, ndi ophunzira akale amene mwachokera kutali. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Chotsiriza ndi ichi chili m'dzanja langali. Ndi kambendera kaja anandisokera mu 1994. Ndakapeza dzulo pansi pa masipanala, kali bii ndi oyilo. Zaka 31 ndinkachita manyazi kukaimika. Lero ndakaimika pamaso panu nonse, m'malo mwa ana awa, ndipo lamulo lake mwalimva: wokweza satsitsa yekha. Ngati muno muli mphunzitsi, kapena mukudziwa kumene aliko, abwere adzakatsitse. Ine ndidikira.

Achemwali, Mayi Leonila, mwayendayenda mokwanira pakati pa madesiki aja. Khalani pansi tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye amene munawatumikira.