Bokosi Latsala Pachipata

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1964 ku Maquival, m'minda ya kokonati, kwa bambo Mualeia ndi mayi Joaquina, amene onse anatsogola kale. Dzina lawo la ubatizo ndi Gervásio Mualeia, koma m'tauni muno ukatchula dzina limenelo anthu amayamba akanda kaye m'mutu. Ukati "a Mmisiri", ngakhale mwana amakulozera njira. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Calisto Namucua, mlamu wawo, mlongo wa mayi Felizarda amene akhala kumutu kwa bokosi apowa. Banja landituma ine. Choncho mawa wina asadzagogode pakhomo pa mayi wamasiye kufunsa za mawu amene anenedwe pano. Adzafunse ine, kwathu mukukudziwa.

Mu 1972 malemu anayamba sukulu ya mishoni kwawo komweko, ndipo analekezera kalasi yachinayi bambo awo atamwalira. Mu 1980 anapita ku Quelimane kukaphunzira ukalipentala kwa mkulu wina, a Tayobo, pafupi ndi doko. Ankatiuza kuti chaka choyamba chonse sanagwire macheka, ankangosesa utuchi ndi kuwongola misomali yopindika. Nchifukwa chake mpaka ukalamba wawo ukataya msomali pamaso pawo ankakuyang'ana ngati wataya mwana.

Pa 22 Julayi 1989, nkhondo ili mkati, anamanga ukwati woyera ndi mlongo wanga Felizarda. Ine ndinakana ukwati umenewo, ndisaname. Ndinkati munthu wopanda munda, wongoyenda ndi nyundo m'thumba, adzadyetsa chiyani mlongo wanga? Iwo anandinyengerera ndi lonjezo: "Alamu, ndidzakukhomerani mpando wa mlombwa wotsamira, woti bwanamkubwa akauona adzachite nsanje." Abale anga, mpando umenewo ndaudikira zaka zonsezi. Ndikawakumbutsa ankangoti, "Alamu, mtengo wake ukukula." Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu, Hermínio, Graciete ndi Dércio.

Mu 1993, mtendere utabwera, banjali linasamukira m'tauni muno, ndipo malemu anatsegula shopu yawo pansi pa mtengo wa mango uja wa pamsewu wa kumsika. Ambiri mwa inu mumagona pa bedi lawo, mumatseka chitseko chawo, ana anu anaphunzirira pa madesiki awo. Namondwe wa chaka chatha atasasula madenga, anayenda nyumba ndi nyumba kukhoma malata, malipiro ake mbale ya mukapata, mpunga uja wa nyemba ndi kokonati, basi. Mwana wawo Graciete anamuphunzitsa ntchitoyi anthu akuseka kuti mtsikana sagwira macheka. Lero osekawo ndi amene amamuitana akafuna chitseko chowongoka. Ankakhomanso mabokosi a maliro, ndipo waumphawi sankamubweza. Sindikuti anali mngelo ayi. Anali aliuma, ochedwetsa ntchito, ndipo akakwiya ankalankhula ndi matabwa m'malo molankhula nawe.

Tsopano ndafika pa gawo limene ena akhala kutsogolo kuno akanakonda nditalidumpha. Akuluakulu a polisi, takulandirani, mipando takupatsani. Khalani momasuka, mumve limodzi ndi anthu.

Mu 2019 mnyamata wina anafera m'chitokosi cha polisi ya kuno. Mkulu wa apolisi anatumiza uthenga kwa a Mmisiri kuti akhome bokosi, polisi ilipira, ndi chithandizo kwa anamfedwa. Iwo anakhoma, napita nalo kupolisi. Anapeza thupi lakulungidwa kale m'bulangete, nauzidwa kuti akhomeretu chivindikiro pomwepo chifukwa womwalirayo anali ndi matenda opatsirana. Anakhomerera. Bokosilo linapita kwa makolo ake pamodzi ndi matumba a mpunga ndi mafuta ophikira, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mu 2021 zinachitikanso chimodzimodzi ndi mnyamata wina. Tonse m'tauni muno tinkanong'onezana, koma tinkati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndiye tinkangodya mpungawo pamaliro nkubwerera kwathu.

Pa 3 Okutobala 2023 anawaitananso kachitatu. Nthawi imeneyi bulangete linali lalifupi, mapazi anali kunja. A Mmisiri anawazindikira mapaziwo, chifukwa anali a Tomé Sabonete, wa kabaza amene ankawanyamulira matabwa tsiku ndi tsiku, amene anamangidwa dzulo lake atakana kupereka ya chakumwa pamsewu. Anavundukula bulangetelo. Zimene anaona sindizinena zonse, mayi ake a Tomé ali pompano. Ndingoti malungo sathyola nthiti, ndipo kolera siisiya mizere ya chikoti kumsana.

Wapolisi wina anati, "Madala, khomani msanga, tili ndi ntchito zina."

Iwo anabweza nyundo m'thumba, nati, "Lero misomali ndaiiwala, bwana."

"Nanga ili m'kamwa mwanuyo ndi mano?"

"Iyi ndi yanga. Ndimakhoma nayo pamene ndafuna."

Atatero anasenza chivindikirocho pamutu natuluka. Ambiri mwa inu munawaona tsiku limenelo, dzuwa lili paliwombo, akudutsa pakati pa msika ndi chivindikiro cha bokosi pamutu ngati mayi wosenza nkhuni. Ena munaseka, mumayesa a Mmisiri apenga. Anakatula chivindikirocho pakhomo pa mayi Rabeca Sabonete, nawauza kuti, "Mayi, mwana wanu akubwera wosatseka. Mumuone kaye bwinobwino, muitanenso ena amuone, kenako ndidzatseka ndi manja anga." Tauni yonse inamuona Tomé. Madzulo ake a Mmisiri anauza mlongo wanga akulira kuti, "Felizarda, bokosi la apolisi limatseka anthu awiri, wakufa ndi wamoyo. Ine ndatseka pakamwa pa amayi awiri ndi misomali yanga. Wachitatu ayi."

Mwezi womwewo malemu anaperekeza mayi Rabeca ku Quelimane kukadandaula kwa oimira boma pa milandu, ndipo anavomera kudzakhala mboni. Kuyambira pamenepo mavuto anayamba kugogoda. Amene ankawapatsa ntchito zikuluzikulu anayamba kudutsira tsidya lina la msewu. Dércio apolisi ankamuimitsa pa njinga kangapo pa tsiku. Mlanduwo unkangosunthidwa, lero woweruza wadwala, mawa galimoto ilibe mafuta. Ine ndemwe ndinawachonderera kuti, "Alamu, mwakula, asiyeni anthu awa." Anandiyankha kuti, "Alamu, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kodi mukufuna ndidzayeze Dércio ndi tepi yanga yomwe?" Pomaliza khoti linaika tsiku la 12 Malichi chaka chino kuti a Mmisiri akapereke umboni.

Pa 16 Febuluwale 2024, Lachisanu masana, apolisi anafika pashopu nkunena kuti matabwa a mlombwa amene anali mmenemo ndi ozembetsa. Malemu anali atapita kukadya, shopu ili yotseka. Sanadikire kiyi. Anaswa chitseko ndi kumbuyo kwa mfuti, nakweza matabwa onse m'galimoto, osasiya ngakhale thabwa loti nkukhomera khola la nkhuku. A Mmisiri atafika akuthamanga, anawakwezanso pamwamba pa matabwa awo omwe. Anthu a pamsika anawaona akukwera okha ndi miyendo yawo, akukalipa ndi mawu awo onse. Mlongo wanga anapita ndi chakudya kupolisi Loweruka, anabwezedwa. Anapitanso Lamulungu, anabwezedwa. Lolemba tinauzidwa kuti tikawapeze kuchipatala.

Pa malo ano a mbiri pamayenera kubwera mawu akuti "malemu anadwala kwa kanthawi kochepa". Dzana kunabwera nthumwi ya apolisi kunyumba kudzatipempha kuti tiwerenge choncho, titchule kuthamanga kwa magazi, tinene kuti anagwa okha. Abale ndi alongo, ine ndinaphunzira pang'ono, koma bodza sindidziwa kuliwerenga. Malemu sanadwale. Malemu anamenyedwa. Ndinawaona ndi maso anga kuchipatala, manja aja amene anakhoma theka la tauni ino atatupa osatha kugwira kapu ya madzi. Anandiuza okha mayina a amene anawamenya, pamaso pa mkazi wawo ndi pa mwana wawo Graciete. Anamwalira pa 21 Febuluwale m'mawa, mutu wawo uli pamiyendo ya mlongo wanga. Tinakana kutenga thupi mpaka dokotala wochokera kuchigawo atalipima, nchifukwa chake maliro achedwa chonchi. Pepani inu amene mwagona panja masiku onsewa.

Nthumwi ija sinabwere chimanjamanja. Inabwera ndi matumba a mpunga, mafuta, tenti, ndi bokosi lonyezimira la zogwirira zagolide, logulidwa mumzinda popeza wokhoma mabokosi wawo wa kuno kulibenso. Inatinso tikalandira, matabwa aja abwezedwa ndipo ana a malemu palibe adzawavutitse. Sindibisa, banja linagawanika. Ena anati tilandire, akufa apita, amoyo ndi amene ayenera kusamalidwa. Hermínio ndi mphunzitsi wa boma, akhoza kumutaya kumalire kwa dziko. Dércio amayenda pamsewu womwewo tsiku lililonse. Amene ananena zimenezi sindikuwanyoza, mantha awo ndi mantha anga omwe. Ine usiku wathawu tulo sindinatione.

Tinakangana mpaka mlongo wanga anadzutsa mutu nati, "Achimwene, mwatha? Mwamuna wanga anasenza chivindikiro pamutu pakati pa msika kuti Rabeca asatsekedwe pakamwa. Ndiye ine ndimugoneke m'bokosi la anthu omwewo? Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Graciete, pita ukawakhomere bambo ako."

Graciete anati, "Amayi, ndikhoma ndi chiyani? Matabwa onse anatenga."

"Chitseko anachisiya."

Choncho bokosi limene mukuliona apali likuoneka lachilendo, musadabwe. M'mbali mwake ndi tebulo limene malemu ankapalirapo matabwa kuyambira 1993. Chivindikiro chake ndi chitseko cha shopu. Zibowo mukuziona pamwambazo si mfundo za mtengo, ndi pamene panagunda mfuti. Graciete anafuna kuzipala kuti bambo ake apite mwaulemu, mayi ake anamugwira dzanja nati zisiye. Mukamadutsa kudzaona nkhope, muikepo chala chanu pa zibowozo, kuti tsiku lina wina akadzati sizinachitike, chala chanu chidzamutsutse.

Akuluakulu a polisi, mpunga wanu uli pachipata, sitinamasule ngakhale thumba limodzi. Anthu awa adya chinangwa ndi nyemba zimene asonkha amayi a pamsika, ndipo akhuta. Tenti yanu ili pomwepo yopindapinda, taona kuti dzuwa la Mulungu silipha munthu ngati chitokosi chanu. Bokosi lanu lonyezimira lilinso pachipata. Potuluka mulitenge. Koma dziwani kuti tauni yonse yaliona, tikudziwa kutalika kwake, ndipo tikhala tikuwerenga ana athu madzulo aliwonse kuti tione ngati mwapeza woti mumugonekemo.

Amene anaganiza kuti akachotsa mboni ndiye kuti mlandu watha, anawerengera molakwika. Mlandu suwola. Pa 12 Malichi malemu sakaima m'khoti, koma mayi Felizarda akaima, Graciete akaima, ine ndikaima ndi mayina amene ndinapatsidwa. Dzulo mayi ake a mnyamata wa 2019 ndi a mnyamata wa 2021 anabwera okha kunyumba, nati nawonso apita, akufuna manda a ana awo afukulidwe. Anyamata a kabaza alonjeza kunyamula aliyense wofuna kupita mpaka pokwerera basi, ulere. Sitikuitana munthu kuti akagende miyala kapena kutentha nyumba, malemu anali womanga, sanali wogumula. Tikufuna amene anamenya atchulidwe mayina, aime pamaso pa woweruza ngati munthu wina aliyense. Ndipo inu apolisi achinyamata mwaima kumbuyoko, ena mwa inu munamva kukuwa Loweruka lija. Nanunso munabadwa kwa amayi. Khomo la khoti ndi lotseguka kwa inunso.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Felizarda, ana atatu, Hermínio, Graciete ndi Dércio, zidzukulu zisanu, ndi alongo awo awiri, mayi Amélia ndi mayi Custódia a ku Maquival. Banja likuthokoza a mpingo ndi kwaya, amayi a pamsika, anyamata okumba manda, anyamata a kabaza amene anagona pachipatala kulondera thupi kuti lisasunthidwe, anamwino amene sanatibisire kanthu, ndi mayi Rabeca Sabonete amene sanachoke pambali pa mlongo wanga kuyambira tsiku loyamba. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Alamu anga Gervásio, ndinakana kuti mukwatire mlongo wanga chifukwa munalibe munda. Lero taonani anthu amene mwakolola, mpaka ena ali m'mitengo. Mtima wanga ukuwawa, alamu, ndipo ndakwiya, sindibisa. Za mpando uja, ndakukhululukirani. Musavutike nawo kumene mukupitako. Takhala pansi nthawi yaitali m'tauni muno, tsopano tiyenera kuimirira.

Ndikupempha onse amene mudzapite nafe pa 12 Malichi, imirirani pamene mulipo, alamu anga akuoneni asanatsekedwe.

Graciete, mwanawe, anthu odzapita nafe ndi awa, waona wekha. Onse akatha kuona nkhope, utenge nyundo ya bambo ako. Bokosi ili litseka munthu mmodzi yekha.

Mzimu wa a Mmisiri Gervásio Mualeia uuse mumtendere.