Tsiku Losalamula Munthu

Madamu ophunzitsa zojambula ankamaliza digiri yachiwiri, ya luso ndi kaphunzitsidwe kosapondereza ophunzira, ndipo mayeso otsiriza anadzikonzera okha: kutha tsiku lonse osalamula munthu, foni ili m'khosi kujambula mawu ngati umboni. Mapulofesa awiri ankafika naini koloko kudzaona chionetsero chawo, koma hafu eyiti chipinda chojambulira chinali chikadali chokhoma, ndipo makiyi anali m'chiuno mwa bambo wosamalira sukulu, amene ana anawatcha a Makiyi, munthu amene sanachitepo kanthu asanauzidwe.

"Mwadzuka bwanji, a Makiyi?"

"Ndadzuka, madamu, kaya inu. Lero ndiye mwatchena!"

"Zikomo. Chitsekochi n'chokhoma."

"Eetu," anatero a Makiyi, akuchisisita monyadira. "Ndinakhoma ndine. Kawiri."

"Mapulofesa anga akubwera naini koloko."

"Afike bwino."

"Chionetsero changa chili m'katimu."

"Chilimo ndithu. Palibe wachikhudza."

"Akapeza pokhoma sadikira, ali ndi sukulu inanso yoti akafike. Ndiye kuti ine digiri mpaka chaka chamawa."

"Ii! Pepani, madamu. Zomvetsa chisoni." A Makiyi anavula chipewa.

Madamu anayang'ana makiyi. A Makiyi anayang'ananso makiyiwo, kuti aone chomwe chalakwika.

"Masiku onse ndikafika pano mumatani?" anafunsa madamu.

"Mumanena kuti, 'A Makiyi, tseguleni,' ine n'kutsegula."

"Ndiye?"

"Ndiye lero simunanene."

"Lero sindinganene. Ndili pa mayeso. Sindiyenera kulamula munthu mpaka dzuwa litalowa. Foniyi ikumva zonse."

A Makiyi anawerama n'kuyandikiza pakamwa pa foni. "Mwadzuka bwanji kumeneko?"

"Siyankha, bambo. Ikungojambula."

"Yamwano. Chabwino, musalamule. Ingondipemphani. Munene kuti chonde."

"Sindingathe. M'mutu wachitatu wa kafukufuku wanga ndinalemba ndekha kuti pempho la munthu wamkulu ndi lamulo lovala suti."

"Munalemberanji zimenezo?"

"Chifukwa n'zoona!"

"Ndiye nong'onani."

"Lamulo lonong'ona ndi lamulobe."

"Lozani ndi chala. Foni ilibe maso kumbali kuno."

"Chala ndiye wolamula wamkulu. Tsamba sikisite."

"Ithimitseni pang'ono, munene, muyatsenso. Ine ndi munthu wosunga chinsinsi."

"Ndinamize mayeso anga omwe? Zaka ziwiri ndikuwerenga mabuku mpaka maso kufiira? Ayi!"

"Basi tiime pompano," anatero a Makiyi, n'kuvalanso chipewa. "Kunja kwacha bwino."

Madamu anapuma mozama, monga amachitira m'kalasi ana akadya utoto.

"Tikambirane ngati anthu awiri ofanana. Inuyo, mumtima mwanu, panopa mukufuna chiyani?"

"Tiyi."

"Kupatula tiyi."

"Nsapato ya kumanzereyi ikundiluma."

"Ndikunena za chitsekochi!"

"Chikufunika girizi. Ndinauza ahedi chaka chatha, sanandiuzebe kuti ndipake."

"Ahediwo ali kuti?"

"Kumsonkhano. Abwera mawa."

"Nanga makiyiwo atapezeka m'manja mwanga?"

"Ndiye kuti mwaba, madamu."

"Tiyerekeze kuti m'chipindamu muli moto."

"Moto!" A Makiyi anatembenuka kuti athamange. "Mayo! Ndowa ili kuti?"

"Palibe moto! Ndati tiyerekeze!"

"Muziyerekeza zinthu zabwino, madamu. Mtima wangawu ndi wakale."

"Koma utakhalapo, mungatsegule?"

"Ayi. Kukakhala moto ndinauzidwa kuimba belu."

"Nanga muli mwana?"

"Dzina lake ndani?"

"Alibe dzina! Ndi woyerekeza!"

"Mwana wopanda dzina si wa sukulu ino."

Madamu anayang'ana wotchi. Kunatsala mphindi makumi awiri.

"A Makiyi, simunachitepo kanthu mwa nzeru zanu zokha?"

"Kamodzi." Nkhope yawo inagwa. "Ndili watsopano. Ana a fomu folo anati aiwala mabuku mu labu. Ndinaganiza ndekha, n'kutsegula. M'mawa mwake chigoba chija cha mafupa a pulasitiki chinapezeka pampando wa ahedi, chitavala tayi, chikuwerenga nyuzipepala."

"Ndiye ahedi anati chiyani?"

"Anati, 'Iwe, pano tinakulembera manja, osati mutu.' Kuyambira pamenepo mutu ndimangovalira chipewa."

Apa madamu anaiwala chitseko. Maso awo anawala ngati a munthu amene watola chitsanzo cha kafukufuku chikuyenda ndi miyendo.

"Mwamva zomwe mwanenazo? Kumeneko ndiye kuponderezedwa! Akusandutsani chiwiya!"

"Chiwiya chanji?"

"Chilichonse! Ndowa yongothiramo malamulo!"

"Ndowa ndili nayo. Ndimakhalira."

"Ndani amadziwa kiyi aliyense pasukulu pano?"

"Ine."

"Ndani amadziwa pomwe denga limadontha?"

"Ine."

"Ahedi atasowa mwezi wathunthu, sukulu ingayende?"

"Imayenda bwino koposa."

"Nanga mutasowa inu?"

A Makiyi anaganiza. "Anthu onse aima pabwalo."

"Ndiye wamphamvu ndani?"

A Makiyi anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, kenako anadziloza pachifuwa mwamantha.

"Eyaa!" Madamu anaomba m'manja. "Inu ndinu munthu woganiza! Muli ndi ufulu wofunsa kuti, chifukwa chiyani?"

"Aliyense?"

"Aliyense!"

"Ngakhale inu?"

"Makamaka ine!"

"Chabwino." A Makiyi anakhosomola. "Chifukwa chiyani madesiki m'katimu agona chagada, miyendo m'mwamba?"

"Funso labwino! Ana anasankha okha. Akusonyeza kuti kalasi yotopetsa yafa."

"Oo. Ine ndimayesa munalowa akuba. Nanga mpando uja ukulendewera kudenga pa chingwe?"

"Umenewo ndiye mtima wa chionetsero chonse. Ndi mpando wa ulamuliro. Taukweza kudenga kuti pasapezeke woukhalira n'kumalamula anzake."

"Wa ulamuliro."

"Eya."

"Wobiriwira uja? Wa mwendo womanga ndi waya?"

"Womwewo. Kutha kwakeko kukuonetsa kuti ulamuliro ndi wofooka."

"Madamu, mpando umenewo ndi wanga."

Madamu anaphethira kawiri.

"Wanu?"

"Wa pageti. Waya ameneyo ndinamanga ndine. Sabata yachitatu ino ndikukhalira ndowa. Msana wonsewu ndi mzere wozungulira."

"Ndinaupeza uli wokha..."

"Ndinapita kukaimba belu."

"Bwanji simunanene?"

"Simunandiuze kuti ndinene."

"Pepani kwambiri, bambo. Ndithu ndikubwezerani madzulo ano."

"Dikirani, madamu, mutu wayamba kutentha. Ukugwira ntchito." A Makiyi anatseka maso, chala pamphumi. "Ndaganiza. Nditsegula."

"Ambuye adalitsike!"

"Nditsegula, ndikwere pa desiki, ndidule chingwe, nditenge mpando wanga."

"Ayi! Musa..." Madamu anadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri. Kenako anachotsa manjawo pang'onopang'ono. "Ndimati, mpandowo ukatsika, chionetsero chatha. Patsala madesiki ogwa basi."

"Ndiye mukundiletsa?"

"Sindikukuletsani."

"Ndiye nditenge?"

"Sindinanene choncho."

"Koma abale! Kuganiza n'kovuta chonchi? Inu mumatha bwanji tsiku lililonse?"

"Pali njira yachitatu," anatero madamu. "Munthu womasuka akhoza kusankha yekha kutsegula chitseko, n'kusankhanso yekha kusiya mpando kudenga mpaka madzulo."

"Akhoza."

"Eetu!"

"Koma munthu ameneyo ndi wopusa. Mpando wake womwe?"

"Ndi wowolowa manja!"

"Mapulofesawo adzaujambula zithunzi?"

"Kwambiri. Mwina mpaka kulowa m'buku."

"Pansi pake adzalemba dzina la ndani?"

Madamu anayang'ana nsapato zawo. "Langa."

"Waya n'kumanga ine."

"Ndikhoza kuwonjezera lanu."

"Ndiye digiriyo tigawana?"

"Sizitheka, bambo."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa... malamulo a yunivesite."

"Aa! Inunso muli ndi ahedi anu? Pepani, madamu. Akusandutsani ndowa."

Kugeti kunalira hutala. Galimoto yoyera inali itaima, ndipo munthu wa magalasi anatulutsa mutu pawindo.

"Ndi iwowo!" Madamu anagwira mutu. "Afika msanga! A Makiyi, geti!"

"Ndaliona. Nalonso ndinakhoma kawiri."

"Akudikira!"

"Adikire pang'ono. Ndikuganiza kaye ngati ndikufuna alendo lero."

"Bambo anga, zaka ziwiri!"

"Ine makumi awiri, madamu. Ndipo taonani, ndapezanso ganizo lina. Akubwera okha tsopano, ngati nyerere. Bwanji belu lizilira ndikafuna ine? Bwanji ahedi azisesa okha ofesi yawo? Bwanji..."

Hutala inaliranso, motalika. Wa magalasi uja anayang'ana wotchi yake, n'kunena kanthu kwa dalaivala. Magetsi a kumbuyo kwa galimoto anayaka, ikuyamba kubwerera m'mbuyo.

Madamu anayang'ana galimoto, anayang'ana foni, anayang'ana chitseko. Kenako anakoka mpweya wonse wa pakhondepo.

"A Makiyi! Tsegulani chitsekochi! Tsegulani geti! Mpandowo musaukhudze! Thamangani! Pompano!"

Mbalame zinauluka padenga. Ana a m'kalasi yoyandikana anaimirira okha osauzidwa.

A Makiyi anakonza chipewa, anapinda manja pachifuwa, n'kutsamira chitseko mwaulemu wonse.

"Pepani, madamu. Ine zolamulidwa ndinasiya kalekale. Papita mphindi zisanu."