Moto Wokapala kwa a Maureen

Kale, chaka chimene agogo anu aNaphiri anatisiya, m'zaka zija za m'ma 2000 pamene Amalawi tinali owerengeka muno mu Wakefield, ine ndinali munthu wosayankhulika, ndipo mukadandiona simukadandiyandikira ngati mmene mwakhaliramu. Ikani pansi mafoniwo. Mundiyankhe m'Chingerezi chanucho ngati mufuna, koma mumve m'Chichewa.

Inu munali musanabadwe, bambo anu anali adakali kumudzi, ndipo m'nyumba tinalimo awiri, ine ndi mayi anu, chemwali wanga Esinati. Iye anali nesi, wophunzira, wa yunifolomu yosita, koma ine ndinalekezera Fomu 2, ndipo ntchito yanga inali yonyamula makatoni m'nyumba zosungira katundu kunja kwa tauni. Mapepala anga anali atatha. Ndikadatuluka m'dziko muno, chitseko chikadatsekeka kumbuyo kwanga.

Masiku ano maliro mumaonera pafoni, bokosi likutsikira m'manda inu muli pasofa. Nthawi imeneyo tinkagula kakhadi kokala kugolosale ya pakona, n'kumaimba mawu akudukaduka. Tsiku lina ndinaimbira msuweni wanga ku Dedza kuti ndimve za mvula, iye n'kundiuza kuti pepani ndi zovuta zija. Ndinafunsa kuti zovuta ziti. Apo ndi pamene anandiuza zonse. Amayi anali ataikidwa kale, anthu atameta n'kubalalika. Esinati ankadziwa, amalume ankadziwa, ngakhale amayi a kutchalitchi kuno ankadziwa, ndipo Lamulungu lililonse ankandigwira chanza akumwetulira. Anagwirizana kundibisira ngati kamwana, ine mwana woyamba kubadwa. Amalume aja sindinawakhululukire mpaka lero, ndipo sindikubisa ayi. Anakhala pamaliro a mlongo wawo akugawa mawu, mwana wa malemuyo akunyamula makatoni osadziwa kanthu.

Kwathu, ana inu, maliro akaikidwa achibale amameta tsitsi pamodzi, kusonyeza kuti kulira kwatha, moyo upitirire. Ine ndinati sindimeta, popeza maliro anga sanachitike. Tsitsi linakula, ndevu zinawirira, ndipo mayi anu ndinasiya kuwayankhula. Tinkadutsana pamasitepe ngati anthu a pasiteshoni. Akandiikira tiyi patebulo ndinkamusiya azizire pomwepo. Disembala atafika ndinamanga chikwama, chifukwa mnzanga wina ku Liverpool anali ndi kachipinda, ndipo ndinatsimikiza kuchoka Khirisimasi isanafike, osanena kumene ndalowera. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Ine ndinati ngati sichiola tiona ngati sichithyoka.

Pakhomo loyandikana ndi lathu pankakhala a Maureen, mayi wachikulire wachizungu, wamasiye, amene pa utsikana wawo ankagwira ntchito kufakitale ya nsalu. Amayi a kutchalitchi akabwera kwathu ankanong'onezana kuti mzungu uyu ndi mfiti, popeza anamuona akupachika nthambi zaminga pachitseko ndi kuwaza phulusa m'kadimba ka kuseri. Kwa ife munthu wochita zimenezo ndiye kuti akutsirika nyumba. Mayi wina ankachita kuwoloka msewu kuti asaponde pakhomo pawo.

Tsiku loti mawa ndikwera sitima, ndikuchokera kuntchito, ndinawapeza a Maureen akulimbana ndi chikuni chachikulu pageti, chiuno chikuwakanika. Anandiitana kuti wandevu, ndithandize. Ndinachisenza mpaka pamalo osonkhera moto m'nyumba mwawo, ndipo anandiuza kuti ndikhale, lero ndi tsiku lalikulu. Ndinakhala, osati chifukwa cha ulemu ayi, koma ndinkafuna kuti amayi a kutchalitchi amve kuti ndalowa kwa mfiti, mitima iwapweteke monga unkapwetekera wanga.

M'nyumbamo munalibe nsupa kapena chigaza. Munali nthambi za mitengo ija yosayoyoka masamba, ya tizipatso tofiira, malalanje ouma atapachikidwa pa ulusi, ndi mphika wa madzi a maapozi otentha onunkhira bwino. Anandifotokozera kuti limenelo ndilo tsiku lalifupi kuposa onse pachaka, mdima wafika pamapeto pake, ndipo kuyambira mawa dzuwa liyamba kubwerera pang'onopang'ono. Makolo a dziko lino, anatero, matchalitchi asanamangidwe, ankalichingamira dzuwalo ndi moto, ndipo nthambi zobiriwira amazilowetsa m'nyumba kuti zikumbutse anthu kuti si zonse zafa kunjaku. Inu munabadwira kuno, mdima wa masana simuudabwa, koma ife obadwira kumene dzuwa silijomba tinkaona ngati dziko latembereredwa. Ana asukulu anali akungoweruka kumene, koma kunja kunali bii.

Kenaka anazimitsa magetsi onse, ndi hita yomwe, tinakhala mumdima kuzizira kukulowa m'mafupa. Anati moto usanayatsidwe, aliyense atchule anthu ake amene sanalione dzuwa la chaka chino. Anatchula amuna awo, anatchula mng'ono wawo, anatchulanso galu, ine pang'ono kuseka. Ndiye anati yatsala mbali yanga. Chibadwire ine sindinatchulepo dzina la amayi, kwathu mwana satero, koma mumdima mulibe wokuyang'ana pakamwa. Ndinangoti aNaphiri.

"Dzina limenelo ndikulidziwa," anatero a Maureen. "Mlongo wako amalitchula kuseri kuno, pamabini a zinyalala, akachoka kuntchito. Amayamba walira pamenepo, n'kupukuta nkhope, kenako n'kulowa kukakuphikira tiyi."

Miyezi yonse ija ndinkawerenga anthu amene anaika amayi popanda ine, koma mumdima muja ndinaona chinthu chimene chinali poyera kuyambira kale: Esinati nayenso sanapite. Mapepala ake anali abwino, tchuthi akadampatsa, koma akadangotulutsa sutikesi ine ndikadadziwa. Anakhala, n'kumasambitsa amayi a eni kuchipatala, ake akuikidwa.

A Maureen anatulutsa kachikuni kakuda, kopserera, kokulunga m'nsalu. Anati n'kotsala pa chikuni cha chaka chatha, amakasunga dala, chifukwa moto watsopano uyenera kugwira kuchokera ku wakale, ndipo phulusa lake amakathira kudimba kuti mbewu zidzamere. Ufiti wonse uja unali umenewo. Anakayatsa, kanagwira, chikuni chachikulu chija chinayamba kuthetheka, ndipo tinamwa maapozi aja nkhope zikuoneka. Potsiriza anayatsa kandulo pamotowo, anaika m'botolo la jamu, nati ndipite nayo kwathu, ndisayatse magetsi mpaka italowa. Ndinawauza kuti zimenezi n'zakwathu. Kumudzi moto ukakuzimira sukhala mumdima, umatenga phale kukapala kwa mnansi.

Nditatuluka, mphepo ya kuno ija inandilandira, ndipo pageti ndinakumana ndi mayi anu akuchokera kubasi. Anayang'ana ine, anayang'ana khomo la a Maureen.

"Achimwene, mwayamba zaufiti tsopano?"

Ndisanayankhe mphepo inalowa m'botolo, lawi linagona pansi, latsala pang'ono kuzima. Esinati anaponya chikwama chake pansi n'kutchinga pakamwa pa botolo ndi manja ake onse awiri, ndipo tinayenda choncho ngati anthu onyamula wodwala, mpaka kukhitchini. Kuwala kwa kandulo kunagwera pa chikwama changa chomanga chija. Anachiona, koma sanafunse.

"Bwanji sunandiuze za amayi?" ndinamufunsa.

"Mukadakwera ndege, achimwene. Ndikadataya amayi, n'kutayanso inu."

Ndinamuuza kuti zimenezo sizinali zoti andisankhire iye kapena amalume, amayi anali anganso. Anavomera kuti n'zoona. Mpaka lero ndimanena choncho, ndipo mayi anu ali apawa, afunseni ngati ndinasintha mawu. Iye sanapepese, inenso sindinapepese. Tinakhala pansi kandulo ili pakati, iye n'kuyamba kundiuza mmene amayi anadwalira, zimene ankapempha kudya, ndi nyimbo imene inaimbidwa kumanda, zonse zimene anazimva pafoni n'kuzisenza yekha. Tinalira mokweza ngati kwathu, ndipo a Maureen anamva kudzera pakhoma, koma sanagogode. Maliro n'kulirana, ana inu, munthu mmodzi samaliza.

M'mawa mwake ndinafunsa ngati lumo lilipo. Ndinakhala pampando kuseri, pafupi ndi mabini omwe aja, mayi anu n'kundimeta mutu wonse ndi ndevu, akudandaula kuti tsitsi langa lili ngati tchire losapsa. Ine ndinawadula tsitsi pang'ono chabe kuseri kwa khutu, poti anali ndi shifiti kuchipatala. Tili pomwepo dzuwa linasuzumira pamwamba pa madenga, lotuwa, losatentha n'komwe, ndipo a Maureen anatuluka atavala chijasi, nalikwezera kapu ya tiyi ngati akulonjera mlendo. Atandiona mpala wanga anafunsa Esinati kuti wandevu uja wamutaya kuti. Sitima ya ku Liverpool inapita yokha.

A Maureen anatisiya inu muli aang'ono, koma asanapite anatipatsa kachikuni kawo kokulunga m'nsalu, ndipo n'chifukwa chake chaka chilichonse tsiku ngati lero timayatsa mbaula kuseri. Kutchalitchi timapita, Khirisimasi timadya, ndipo amene akufuna kunong'ona anong'one, ine ndinaona kumene kunachokera moto tsiku limene kwathu kunazima.

Ndiye mundimvere. Tsiku langa likadzafika, musadzabisirane, ngakhale wina ali kutali chotani, ngakhale mukuopa kuti achita zopusa. Muuzeni, alire pa nthawi yake. Ndipo mukadzakwiyirana, pakuti mudzakwiyirana ndithu, musadzakhale mumdima chifukwa chonyada. Gogodani khomo lapafupi, ngakhale limene anthu amalilambalala, mupale moto mubwere nawo kunyumba.

Tsopano wina azimitse magetsiwo, ndi mafoni omwe. Ine nditchula a Maureen. Chemwali, aNaphiri uwatchule ndiwe.