Gitala Imene Ndinaipachika pa Utsi

Muli bwanji abale anga mwa Ambuye, amayi anzanga a mapemphero a Lachinayi, inu a ku Nsefu, inu a ku Msoro, ndi nonse amene mawu awa adzakupezani. Ndine Esnati wa kuno ku Kakumbi, kumene njovu zimakolola ife eni munda tisanakolole. Dzanja langa ndi la khasu, cholembera chimanditerera, koma umboni uwu ndaulemba ndekha pang'onopang'ono, chifukwa wolakwa ndine, wochitiridwa chifundo ndinenso. Ndinawononga chakudya cha mwana wanga ndi manja angawa. Ndinachiwononga ndi chikondi, ndinachiwononga ndi utsi.

Chakudyacho chinali gitala yamagetsi. Malemu amuna anga, a Zakeyo, anagwirapo ntchito ku migodi ali mnyamata, ndipo kumeneko anaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Inali yofiira ngati dothi la pachulu. Kumbuyo kwake kunali kokalikakalika ndi chitsulo cha lamba, pamene pankagona mkono penti inatha, ndipo kumutu kwake kunali chipsera cha ndudu cha masiku amene anali asanatembenuke mtima. Atamwalira inatsalira mwana wathu Misheki. Misheki sukulu sanapite nayo patali, koma zala anatengera atate ake. Nyengo ya alendo, kuyambira Juni mpaka mvula kuyandikira, ankaimba pa loji ina m'mbali mwa Luangwa, Loweruka pa maukwati, Lamlungu ku tchalitchi. Njovu zikadya chimanga, gitala inkatigulira ufa. Njovu zikapondaponda thonje, gitala inkaveka adzukulu anga.

Chaka chatha mvula inagwa yoopsa. Nyumba ya Misheki ili kumunsi, pafupi ndi dambo, ndipo madzi anafika pakhomo. Anabwera kwa ine gitala ataikulunga m'chitenje. Anati, "Amama, kwanu kuno n'kokwera. Ndisungireni mpaka madzi aphwe. Koma musaiike pansi, chiswe chingaidye." Atatero anatenga mkazi wake Rute ndi ana, anakakhala kwa apongozi ake ku Msoro.

Inu amayi mukudziwa. Chinthu chimene sitifuna kuti chiswe ndi anankafumbwe achikhudze, timachiika kuti? Mbewu ya chimanga timaipachika m'khitchini pamwamba pa moto. Mpini watsopano pa utsi, nsengwa pa utsi, dengu pa utsi. Amayi anga ankatero, ambuya anga ankatero. Ndiye ndinatenga gitala ija, ndinaimangirira ndi luzi kudenga la khitchini, pakati pa ngala za mbewu, pamwamba penipeni pa mafuwa, uku ndikuimba. Ndinati chiswe chikaone kwina. Miyezi itatu, abale anga. Moto m'mawa, moto masana, moto madzulo, ine tsiku ndi tsiku kuyang'ana kumwamba n'kumadzitamanda kuti ndine mayi wodziwa kusunga.

Madzi ataphwa Misheki anabwera. Anakwera pa mtondo, anaitsitsa, anamasula chitenje chija. Khosi la gitala linali litapindika ngati uta. Mawaya anali atatalikirana ndi thabwa moti chala chinkalowa pakati. Mwaye paliponse. Anailumikiza ku sipika, inangoti ng'uuu ngati njuchi m'chitini. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Amama, ichi si chimanga." Anaikulunganso, anatuluka.

Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga anasiya kudya kwanga. Tikakumana pa mjigo, moni wa anthu achilendo, mwaswera bwanji, taswera, basi.

Anayesa, sindinganame. Anapita nayo kwa mmisiri wa matabwa ku Mfuwe, mmisiri anati iye amadziwa zitseko ndi mabokosi a maliro. Anabwereka gitala ya achinyamata a ku tchalitchi, yotchipa ija, n'kupita nayo kukayesa ku loji. Ndi kutentha kwa kuno, nyimbo isanathe mawaya anali atamasuka kale, mawu akupita kwina woimba akupita kwina. Mkulu wa pa lojipo anamuuza kuti, "Juni akafika ubwere ndi mawu aja tinazolowera. Ukapanda kutero, kuli anyamata a ku Chipata akupempha malo ako."

Ndiye Misheki anakwera basi wa ku Chipata kukafunsa m'masitolo. Kumeneko anamuonetsa pa foni kuti amene anapanga gitala ya atate ake akupangabe mtundu womwewo, yatsopano koma yotengera yakale ija, mawu ake omwewo. Mtengo wake anandiuza ndi Rute, ine ndinangogwira pakamwa. Thonje lathu la zaka ndi zaka, osadya, osavala, mwina ndiye tingaikhudze. Ndinapirira manyazi, ndinapita kwa Misheki, ndinati kodi oimba a kumeneko ndi olemera chotere? Anaseka kuseka kosakoma.

"Sapangira oimba, Amama. Ogula ndi anthu osunga. Amaipachika pakhoma, ena m'bokosi lagalasi, osaikhudza n'komwe. Ndiwo anakweza mtengo. Ife a zala timangoonera pa foni."

Ndinatopa, abale anga. Kutopa kwa thupi ndimakudziwa kuyambira utsikana, koma uku kunali kutopa kwa mtima. Mu Meyi njovu zinalowa m'munda wa Misheki, zinasiya mapesi okha. Ine ndinayamba kuyenda m'nyumba za aphunzitsi ndi anamwino kufuna zochapa, msana ukulira, kuti ndipezeko kaufa ka adzukulu. Koma kuchapa malaya kungagule gitala? Ndikalowa m'khitchini n'kuona luzi lija likulendewera kudenga, moto womwe ndinkauda.

Kenako Rute anabwera masana ena, maso ali gwa, atanyamula thumba. Anati, "Amama, onani zimene mwana wanu wabisa kuseri kwa nkhokwe." M'thumbamo munali mawaya a mabuleki a njinga, opotedwa kukhala misampha. Pakati pake munali mawaya sikisi a gitala ya atate ake, nawonso atapindidwa makhwekhwe. Mawaya amene ankatamanda Mulungu Lamlungu lililonse. Panali amuna ena amene amalowa mobisa m'paki ya boma yosungira nyama zakutchire kukatchera nyama, ndipo anali atamuitana Misheki. Inu a kuno mukudziwa kumene njira imeneyo imathera. Kapena kundende, kapena pa nyanga ya njati, kapena pa chipolopolo.

Ndinapita kwa iye, ndinagwada, ine mayi wake. Ndinati mwana wanga usalowe m'paki. Anayang'ana kumbali. Anati, "Nanga ana adye chiyani, Amama? Utsi?" Anati adikira mpaka Juni. Loji ikamukana, alowa.

Pemphero langa la masiku amenewo silinali lokongola. Ndinkangoti, Ambuye, amene anawotcha gitala ndine. Musamutaye mwana chifukwa cha uchitsiru wa mayi wake. M'mawa mawu omwewo, pochapa mawu omwewo, pogona mawu omwewo. Sabata inatha, ina inatha, kumwamba kuli zii. Ngakhale kuimba ndinasiya, ine amene anzanga amati ndimaimba ndi potsokomola pomwe.

Tsono mverani mmene Iye amayendera. Pa kiliniki yathu pali adokotala, a Chanda, a ku migodi, boma linawatumiza kuno. Mayi amene ankawachapira anapita kukachira, ndipo anamwino ena anatchula dzina langa. Tsiku loyamba, nditatha kuchapa, anati ndisesenso pa balaza. Ndinalowa ndi tsache. Pakhoma panali magitala atatu. Ya pakati yofiira ngati dothi la pachulu, pogona mkono penti itatha, m'mbali mokalika. Tsache linagwa lokha.

Adokotala anati, "Ambuya, mwaona njoka?"

"Adokotala, mwini wake wa gitala iyi anamwalira liti?"

Anaseka. "Ilibe mwini wina, ambuya. Ndinaigula yatsopano. Kukalika uku anakala dala ku fakitale kuti izioneka yakale. Ndipo kukalako ndinalipira padera."

"Mumalipira kuti akukalireni?"

"Eya."

"Nanga mumaimbira nyimbo yanji?"

Anakanda m'mutu. Anati sadziwa kuimba. Anakula akumva magitala otere m'maholo a ku migodi, atate awo akuwaletsa kukhudza, ndipo atayamba kulandira malipiro anasunga zaka zambiri kuti angokhala nawo pakhoma. Ndiye uyu, ndinati mumtima, mmodzi wa aja anakweza mtengo. Ndinafuna kukwiya, koma m'malo mwake ndinakhala pansi pa simenti, kuseka ndi kulira zikutulukira pamodzi. Ndinawauza zonse. Za a Zakeyo, za utsi, za thumba lija. Ndinati kwathu ilipo yokalidwa ndi lamba wa munthu zaka zonse za ukwati wanga, ndipo palibe amene analipira.

Lamlungu masana adokotala anafika pa njinga yamoto kwa Misheki, yofiira ya pakhoma ija ataibereka kumbuyo kuti akazifanizire. Misheki anatulutsa ya atate ake mosafuna. Adokotala anailandira ndi manja awiri ngati khanda, anapukuta mwaye ndi mpango, anawerenga manambala a kuseri kwa khosi.

"Ambuya, iyi ndiye mayi wake. Yanga ija ndi chithunzi chabe." Anatembenukira kwa Misheki. "Sindikunamizani, achimwene. Ngakhale yapindika chonchi, osunga a kunja angailipire kuposa yangayi. Mukafuna kugulitsa ndingakufufuzireni, koma zitenga miyezi."

Juni anali atatsala masabata awiri. Misheki anati, "Atate anga sindigulitsa." Magitala awiri anali atagona pa mphasa, yowongoka ndi yopindika.

Pamenepo Mulungu anaika nzeru m'mutu womwe uja unapachika gitala pa moto. Ndinati, "Adokotala, kuno munthu akakhala ndi mbuzi koma alibe msipu, amakaisungitsa kwa mnzake wa msipu. Mbuzi imakhala yakebe. Inu muli ndi gitala yopanda zala, ife tili ndi zala zopanda gitala. Inu mumafuna ya pakhoma, ndipo yathuyi ntchito yaitsalira ndi ya pakhoma pomwepo. Tisungireni yathu, ife tikusungireni yanu."

Anandiyang'ana, anayang'ana gitala yawo. Ndinaona kuti zikuwawawa, chinthu chimene anachisungira zaka zonsezo. Anati, "Nanga ikakakalika ku maukwatiko?"

Ndinati, "Tikukalirani ulere. Simulipira padera."

Anaseka mpaka anagwira m'mimba. Ngakhale Misheki pakamwa panagwedezeka. Adokotala anatola yawo ija, anamupatsa, anati, "Ndimveko kaye mmene imalirira. Chiigulireni sindinaimvepo." Misheki analumikiza ku sipika ndi batire, anakonza mawaya, anayamba nyimbo imene atate ake ankakonda. Abale anga, anthu a pa mjigo anasiya zidebe. Adokotala anavula magalasi, anapukuta m'maso. Ine mawu anga anabwerera okha, sindinawaitane. Ndinaimba, ndinavina, msana ndinauiwala.

Tinakagwirizana pamaso pa akulu a mpingo. Gitala iliyonse ikhala ya mwini wake. Misheki aziwaphunzitsa adokotala Loweruka m'mawa. Boma likadzawasamutsa, iliyonse idzabwerera kwawo, ndipo pakadali pano akufufuza mmisiri ku Lusaka amene angawongole khosi lija. Kaya adzapezeka, kaya ayi, sindikudziwa. Nkhawa imeneyo ilipo, sindikubisirani. Misheki amati mawu a yatsopanoyi safika kwenikweni pa a atate ake, koma mkulu wa ku loji sanamve kusiyana, ndipo Juni atafika mwana wanga anaima pamalo pake.

Sabata yomweyo anabwera kwanga ndi thumba lija. Analiika pamapazi panga. Anati, "Amama, mupeze ntchito ya izi." Kenako anakhala pansi, anafunsa ngati pali chakudya. Miyezi iwiri asanadye kwanga! Misampha ija ndinaimasula umodzi umodzi, ndinamangira zitini m'malire a munda. Mawaya sikisi a a Zakeyo ali komweko. Njovu zikakhudza, zitini zimalira, ife timadzuka n'kuzikuwa.

Ndikadali wotopa, amayi anzanga. Ndikuchapabe, msana sunasinthe, njovu sizinatembenuke mtima. Koma mwana wanga ali kunja kwa paki, ali kunja kwa ndende, ndipo Lamlungu ndimamuona kutsogolo zala zikuthamanga. Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiwerengere uchitsiru wanga. Ndikuthokoza adokotala amene akanatha kutinamiza koma sanatero. Ndikuthokoza Rute amene sanabise thumba.

Inu amene tsoka munaliitana nokha ndi manja anu, musanene kuti pemphero lanu silingamveke. Langa linali la mawu ochepa, la munthu wolakwa, ndipo yankho lake linali litapachikidwa kale pakhoma la munthu wosadziwa kuimba, kudikira kuti ndikalowe ndi tsache. Limbikani, musaleke, ngakhale kumwamba kukhale zii. Ambuye akusungeni nonse, amen.

Ndipo mwana akakusungitsani chinthu, mufunse kaye ngati ndi chimanga.