Mutu wa Sitima Wathawa

Pa siteshoni ya Port Herald, Otilia, yemwe anali asanakwerepo sitima, anaona mutu wa sitima ukuchoka wokha, mabogi n'kutsala. Anagwira mkono wa bambo wina wosamudziwa.

"Mayo ine, yatisiya! Mwana wanga ali kayakaya ku Chiromo!"

"Mtima m'malo, mayi. Mwaiona njanji yachiwiriyo? Mutuwo udzera pamenepo, ukakoke mabogiwa mbali inayo."

"Chimtolo chachitsulo chonsechi kukhota popanda nkhafi?"

"Munthu mmodzi amangokoka chitsulo icho, njira n'kusintha. Dothi mwapondalo tinasenza ndife pamutu, kale pano panali bango lokhalokha."

"Inuyo? Ndiye ndikafika lero lomwe?"

"Dzuwa lisanapendeke."

"Mulungu akudalitseni, bambo. Pa bwato ndikanakapeza atamuika kale."