Chitsulo M'mkono mwa Akalipentala

Akalipentala anakalamba osakhomapo msomali pampando. Iwo ankalumikiza matabwa ndi zikhomo zamtengo, ati chitsulo n'cha amisiri aulesi. Ndiye taonani tsoka lake: chotupa chinamera m'fupa la mkono wawo wamanja, pakati pa phewa ndi chigongono, ndipo adokotala anati achotsa fupa lodwalalo n'kuikamo chitsulo kuti mkono upulumuke. Wowadikirira m'chipatalamo anali mkamwini wawo, wowotcherera zitsulo, munthu wabwino ndithu, koma woti ukati wafa ndi njala amayamba kufunsa za bokosi.

"Chitsulo mwa ine? Ndine geti ine?" anatero akalipentala atafungatira mkonowo ngati khanda.

"Ayi bambo, cha geti n'china. Chimenecho chimachita dzimbiri."

"Ndati sindifuna! Ngati n'kuika, aike mtengo. Thabwa louma bwino, lolimba."

Mkamwini anasolola tepi m'thumba n'kuigunditsa paphewa pawo.

"Mukutani kodi, akamwini?"

"Ndikuyeza thabwalo. Koma nanga chiswe?"

"Chiswe chilowera pati?"

"Chiswe sichisowa polowera, bambo. Mwina tizingokupakani oilo wakutha wa galimoto."

"Aaa! Ndasanduka mzati wa khola tsopano?"

"Ndiponso mumanena nokha kuti thabwa likanyowa limafufuma. M'thupimu ndi monyowatu."

Akalipentala anatsonya, n'kutembenukira kukhoma. Zoona zake, vuto silinali chitsulo chokha ayi. Mkuluyu ankaopa, mantha enieni: kugonekedwa tulo, kung'ambidwa, n'kudzuka dzanja silikukumva. Koma zimenezo ungauze mkamwini?

"Kawauzeni adokotala kuti ndakana. Basi!"

"Chabwino bambo." Mkamwini anafika pachitseko, n'kubwerera. "Ndiye ndikati mwasankha chachiwiri chija?"

"Chachiwiri chiti?"

"Paja adokotala anati mukakana chitsulo chotupacho chikula, ndipo adzadula mkono wonse. Kuyambira apa." Analoza paphewapo, nayamba kucheka mpweya ndi dzanja ngati sowo.

"Chotsani dzanja lanulo, inu!"

"Komatu pamenepo zakuyenderani, bambo. Mkono woikirira, wa kunja, umenewo ukhoza kukhala wamtengo. Wopanda ngakhale kamsomali."

Akalipentala abweze mawu pamaso pa mkamwini? Bola kufa.

"Eya. Ehe! Ndi zimenezo ndimanena ine. Ndidzausema ndekha, wosalala, wa vanishi."

"Ndi dzanja liti?"

"Mwati chiyani?"

"Lamanzere limagwira thabwa, lamanja limapala. Lamanjalo adzakhala atakataya."

Akalipentala anayang'ana zala zawo, zazipsera za macheka, nazipinda chimodzichimodzi. Chifundo chinamugwira mkamwini, mpaka misozi lengelenge.

"Musadandaule, bambo, ndilipo ine. Ndidzakusemerani."

"Inuyo?"

"Eee. Chopalira sindinachigwirepo, koma ndimakuonani mukamapala. N'kungokankha basi, si choncho?"

"Kungokankha!"

"Thabwa ndili nalo kale, lija ndimapondapo powotcherera. Linapsa mbali imodzi yokha."

"Mayo ine!"

"Pachigongono ndidzamanga ndi mphira kuti pazipindika. Zala zokha n'zimene zikundiimitsa mutu. Zikavuta zisanu, ndidzasiya zinayi, koma zonenepa. Malaya muzidzavala a manja aafupi, anthu aziuona."

Akalipentala anauona ndithu mkonowo m'maganizo: wokhota, wamatuzamatuza, ukulendewera paphewa pawo pakati pa msika, makasitomala awo onse akuuyang'ana. Anadzuka pabedi paja ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Anamwino! Anamwino inu! Itanani adokotala abwere nacho chitsulo chawocho, msanga! Awa akasema mkono, anthu adzati ndasema ine."