Nyemba Yobwezedwa M'mbale

Ine NyaMkandawire wa kuno ku Henga ndinali mayi wa kachasu. Musayang'ane pansi, abale. Ena muli pamabenchi apa munkamwa kwanga. Ndilankhula Chichewa chifukwa cha alendo athu ogwira ntchito za boma. Chikathyoka mutole.

Ndinkatcheza kachasu, ndinkamwa, ndinkaimba. Belu la tchalitchi likalira, ine ndinkayankha ndi nyimbo za mowa. Ndinkati Mulungu ndi wa mabanja a kumishoni, ovala nsapato, odziwa pensulo. Ine wanga anali m'botolo.

Mwana wanga woyamba anapita ku Joni, sanabwerenso. Anandisiyira mdzukulu, dzina lake Tiwonge. Mtsikanayu anayamba sukulu mochedwa, wamtali kuposa anzake onse. Kusukuluko Chitumbuka anachichotsa. Za boma sindinena, khadi ya chipani ndili nayo. Ndikungoti mwana wolota m'Chitumbuka ankayenera kuwerenga m'Chichewa.

Ine ndinkamuitana pakati pa oledzera kuti awawerengere buku, aone kuti kwanga kulinso sukulu. Chilembo sindichidziwa, koma khutu langa ndi la nyimbo. Akapunthwa pa liwu ndinkamva. Ndinkamutsina pantchafu, amuna aja n'kufa nacho chiseko. Tsiku ndi tsiku, kutsina ndi kuseka, kutsina ndi kuseka. Mwana anaphunzira chinthu chimodzi: ukaphonya, tseka pakamwa.

Analephera mayeso a kuwerenga, anabwereza kalasi.

Ndiye anabwera mwana wanga wachiwiri, Chiukepo. Anati, "Amama, mwanayu mutu ndi wouma. Pali mlimi wa fodya wina ali ndi ng'ombe, wamuona kale. Akalepheranso chaka chino, apite kubanja." Ndinavomera, botolo lili m'manja. Mwana wa mwana wanga, mabere akungoyamba kumene.

Koma kunyada kunandidzutsa m'mawa wina. Ndinamwa, ndinamanga chitenje, ndinapita kusukulu kukatukwana mphunzitsi. Anali Mayi Nabanda, ochokera ku Dedza. Ndinaima pakhomo ndikukuwa kuti Achewa inu mumadana ndi ana athu, malikisi mumagawa poyang'ana nkhope.

Mayi aja sanakwiye. Anandipatsa mpando. Anatenga mbale ya nyemba n'kuika patebulo.

Anati, "Agogo, ndime imene mwana amawerenga ili ndi mawu zana. Nyemba izi ndi zana. Akalumpha liwu ndimachotsa imodzi. Akatchula lina losalembedwa ndimachotsa. Akakhala chete mpaka ndimuuze ine, ndimachotsanso. Zotsala m'mbale ndiwo malikisi ake. Ndiye pali wotchi iyi. Mphindi ikatha ndimaona mawu amene wakhoza kuti ndi angati, ndidziwe ngati akuyenda kapena akukwawa. Nkhope silowa m'mbalemu."

Ndinati, "Nanga wanga bwanji?"

"Wanu si wopusa. Mawu amawadziwa. Koma akangopunthwa amati zii, n'kubisa ntchafu ndi manja. Wotchi ikuyenda, nyemba zikutha. Akanabwerera yekha n'kukonza liwulo, nyembayo ndikanaibweza. Ndani anamuopseza mwanayu, agogo?"

Zala zanga ziwiri izi zinatentha ngati ndagwira khala.

Ndinafunsa ndi mawu ang'ono, "Yochotsedwa kale imabwerera?"

Anati, "Imabwerera. Wobwerera yekha sitimuwerengera cholakwa."

Abale, mowa unandithera pomwepo. Ndinatuluka osatsanzika. Panjira ndinadzigwetsa m'mphepete mwa munda wa chimanga, dzuwa lili pamutu. Ndinalira. Ndinati, Ambuye, mbale yanga ilibe kanthu. Ndalumpha mawu anu onse. Mwana wamasiye ndamutseka pakamwa, ndamugulitsa ndi ng'ombe. Kodi nkhalamba ingabwerere?

Mumtima munabwera yankho lofewa ngati mvula yoyamba: bwerera, ndibweza.

Ndinabwerera. Ndinabwerera, abale, ndinabwerera.

Nditafika kunyumba ndinaswa mbiya ya mowa ndi munsi. Mpope wotchezera ndinauponya m'dzenje. Madzulo anabwera akumwa aja. Wina anati, "NyaMkandawire wapemphera? Tiona pakutha pa mwezi." Ndinamuuza kuti aone ali kunja kwa mpanda wanga. Miyezi yatha, akuonabe.

Ndinagwada pamaso pa Tiwonge, ine agogo ake. Anafuna kuthawa, anali asanaonepo zotere. Ndinamupatsa manja anga kuti awagwire. Ndinati manja awa sadzakutsinanso.

Tinatenga nyemba zathu, mbale yathu. Iye kuwerenga, ine kumvetsera. Akapunthwa n'kuti zii, ine ndinkayamba kanyimbo kanga kapansipansi: bwerera mwana, bwerera, nyemba ikukudikira. Poyamba ankalira. Kenako ankaseka. Kenako anayamba kubwerera ndisanatsegule pakamwa.

Tsiku la mayeso Chiukepo anafika kusukulu atavala jekete, ngati munthu wopita kukalandira ng'ombe. Ine ndinaima pafupi ndi zenera. Aphunzitsi anaika mbale, anayang'ana wotchi. Tiwonge anayamba. Anayenda bwino, anayenda bwino, kenako anagunda liwu lalitali. Zii.

Ndinamva nyemba ikugwa patebulo, kho.

Nyimbo inakwera kukhosi kwanga, koma ndinaimeza. Anali mayeso ake, sanali anga. Ndinatseka maso ndikuti, Yesu, inu ndinu mumaimba pamene ine sindingathe.

Ndiye ndinamva mawu a mdzukulu wanga. Anabwerera, anagwira liwulo, analitchula lonse lathunthu. Nyemba inabwerera m'mbale, ngwe. Anapunthwanso kutsogolo, anabwereranso. Ina inapita osabwerera, iye sanaime. Anafika kumapeto mbale ili yolemera.

Mayi Nabanda anatuluka n'kunena kuti mwana wakhoza, apita kalasi yapatsogolo.

Chiukepo anandikokera pambali. Anati, "Amama, ndinalonjeza kale kwa anthu. Mundichititsa manyazi."

Ndinamuyankha pamaso pa ana asukulu onse. Ndinati, "Chiukepo, ndinakubereka kumbuyo ine. Mawu aja ndinavomera ndili woledzera, lero ndawabweza ndili wamaso. Ngati ng'ombezo zakukoma, kakwatiwe nazo iweyo. Ngakhale akanalephera, mwanayu sakanapita. Ukafuna kukanditengera kubwalo, nditengere. Ndipita ndikuimba."

Sananditengere. Mpaka lero sadya kwanga. Ndimamupempherera, mbale yake ndinaisunga.

Ena mukunong'ona kuti nkhalamba ya kachasu ikudziwa chiyani za Mulungu. Nong'onani. Sindidziwa kulemba dzina langa, inde. Koma ndikudziwa amene anatola nyemba zanga m'fumbi, imodzi imodzi, n'kuzibweza. Palibe wa jekete, palibe wa ng'ombe, palibe wondiseka amene angazichotsenso.

Uyo wakhala kutsogoloyo, wa diresi yasukulu, ndiye Tiwonge. Ndiye atiwerengere Mawu lero. Akapunthwa musaseke, mudikire. Abwerera.

Yewo chomene, Ambuye Yesu, yewo. Mwatsegula pakamwa pa mwana, mwatseka botolo la nkhalamba. Ulemerero ndi wanu.

Ndipo iwe wakhala chete pabenchipo, iwe unaphonya n'kuti zii, wotchi ikuyenda. Usadikire kuti ithe. Dzuka, bwerera lero. Dzanja lobweza lilipo, latambasuka kale. Amen.